Ndinasiya Funso Lachinayi, Amayi

Amayi, kaya mukupeza bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, tikudzuka. Ndine Asiyatu wanu. Ndakhala ndikufuna kukulemberani kuyambira mwezi wa Juni, koma ndikati ndigwire cholembera, dzanja limakhala litatopa kale ndi zolemba za kusukulu. Lero ndi Lamulungu, kusitolo sitinatsegule, zovala ndachapa zili pachingwe, ndiye ndati ndikhale pakhonde pano ndikuuzeni zonse. Nkhani ina ndi yolemera. Imeneyo ndiisunge kaye, ndiyambe ndi zopepuka.

Mng'ono wanga Amina anachira mu Epulo. Ndi mwana wamwamuna, anamutcha Idrisa. Anabadwa ndi makutu anu, aja oima ngati akumvetsera za pakhomo la eni, ndipo aliyense womuona amayamba waseka kaye asanamunyamule. Akuyamwa bwino. Amina anavutika masiku awiri kuchipatala, ndipo azimayi omwe anamudikirira akuti ululu utafika poipa ankaitana inu, osati mwamuna wake.

Ababa maso aja apitirira kuchita chifunga. Kunyanja anasiyiratu. Amakhala pamkeka kuseri kwa nyumba n'kumasoka maukonde a anthu, ndipo akuti zala zimaona bowo kuposa maso. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chili pa ngaiyaye. Mpunga wa kudambo ndiye unatipulumutsa. Thandala lanu loyanikapo usipa linagwa ndi mwera mu Julayi, mitengo yake inali itadyedwa kale ndi chiswe, ndipo palibe amene walidzutsa. Malo anu kumsika akukhalapo mnzanu uja, Abiti Jafali. Akuti makasitomala ena amafikabe n'kufunsa kuti mayi oseka aja ali kuti. Amuna anga, bambo a Fatima, akadali ku Joni. Amaimba foni mwa apo ndi apo, akuti abwera Idi ikubwerayi. Chaka chathanso ananena chomwecho.

Za sukulu ndiye izi. Ndikadali pakoleji ya zamalonda ija, paboma pano, yomwe munkaiseka kuti, “Kodi malonda amaphunzitsa pabolodi? Ine anandiphunzitsa ndi dzuwa.” Munkaseka choncho, koma Abiti Jafali anandiululira pamaliro kuti msika wonse munautopetsa ndi nkhani ya mwana wanu wa kukoleji. Chikwama chakuda munandigulira pakaunjika chija ndikunyamulabe. Zipi inafa, ndimatseka ndi pini.

Chaka chonsechi tsiku langa lakhala likuyenda motere. Ndikaswali m'mawa, ndimatunga madzi, kuphika phala, kusambitsa Fatima ndi kumuperekeza mpaka pageti la sukulu yake. Seveni koloko ndafika kale kusitolo ya zomangira ndimagwira ntchito ija. Kuyambira pamenepo n'kuimirira basi: misomali, penti, malata, simenti. Fumbi la simenti limalowa mpaka mkati mwa mpango. Folo koloko ikamayandikira, abwana amayamba kuyang'ana kumbali ngati sadziwa kuti ndili ndi kalasi, mpaka ndipemphe ngati n'koyamba. Akandilola ndimakwera kabaza, n'kukafika aphunzitsi atadzaza kale theka la bolodi. Loweruka timaphunzira tsiku lonse.

Kalasi yathu malata ali pafupi ndi mutu. Kutentha kwa Mangochi mukukudziwa. Muli fani imodzi, imazungulira magetsi akakhalapo, ndipo mphepo yake imathera kwa okhala kutsogolo. Ine ndimakhala kumbuyo poti ndimachedwa. Pena ndimalemba maso atatsekeka, mawa lake n'kupeza mzere watsetsereka mpaka pansi pa pepala. Anzanga ambiri ndi ana, angochoka kumene kusekondale, amanditcha anti. Akatipatsa ntchito ya pagulu, gulu limakhala la anthu asanu koma ogwira awiri: ine ndi mtsikana wina wochokera ku Zomba, dzina lake Chisomo. Enawo amangobwera tsiku lomaliza kudzaona ngati mayina awo talemba molondola. Chisomo ndi mwana wabwino. Ndikachedwa amajambula za pabolodi pafoni n'kunditumizira, ndipo Ramadani yapitayi ankapita kukadyera kuseri kwa kalasi kuti ndisamuone, ngakhale ndinamuuza kuti zilibe kanthu.

Tsiku lina munalowa nawo m'kalasi, amayi. Aphunzitsi ankaphunzitsa za momwe wamalonda amasungira makasitomala ake, ndipo anafunsa ngati alipo angapereke chitsanzo. Ndinangozindikira ndaimika dzanja. Ndinafotokoza momwe munkachitira: kuti munthu akagula usipa munkamufunsa za mwana wake yemwe ankadwala sabata yatha, kuti basela simunkaika iye akuyang'ana kwina koma akuona, ndiponso mawu anu aja oti, “Wogula asachoke ndi nsomba zokha, achokenso ndi chifukwa chobwerera.” Aphunzitsi anati ndibwereze. Analemba pabolodi m'Chingerezi, n'kuipatsa dzina lalitali la m'buku, ana onse n'kukopera. Ine ndinatuluka ngati ndikukamwa madzi, ndinakaima kumpopi mpaka nkhope itauma.

Koma si maphunziro onse ali choncho. Pali limodzi, la malamulo a zamalonda, lomwe landidya mafupa. Timaloweza milandu ya azungu omwe anafa kalekale: wina anagulitsa hatchi yodwala, wina katundu wake anamira ndi sitima, wina analonjeza pakamwa n'kukana. Uyenera kukumbukira dzina la wodandaula, la wodandaulidwa, ndi zomwe woweruza ananena. Chingerezi chake si chija tinkaphunzira kusekondale. Ndimawerenga tsamba limodzi katatu, ndikatseka buku m'mutu muli mbee.

Tsopano ndafika pa nkhani ija.

Mu Meyi amjomba, Che Bwanali, anandiimbira foni ndili kusitolo. Anati mpunga walowa m'nyumba, abale agwirizana kuti sadaka yanu ya chaka ichitike Loweruka lachiwiri la Juni. Tsiku lomwelo linali la mayeso a malamulo aja. Ndinawauza mwaulemu. Ndinati mayesowa sakonza ndi aphunzitsi athu, amachokera kutali, dziko lonse limalemba tsiku limodzi ndi ola limodzi, ndiye ngati n'kotheka tisunthe ndi sabata imodzi yokha.

Mlongo wanu mukumudziwa. Anati, “Shehe tawauza kale. Abale a ku Namwera tawauza kale. Mbuzi yagulidwa. Tsono tisunthe anthu onsewa chifukwa cha pepala?”

Ndinati, “Amjomba, ndikapanda kulemba ndidikira mpaka Disembala.”

Anati, “Disembala ibwera. Amako sabweranso.” Ndipo anadula.

Ndinapita kuofesi ya sukulu, kumeneko anandimvera chisoni koma anati palibe chomwe angachite. Masabata atatu ndinayenda ndi nkhaniyi pamutu. Ndinkafuna wondiuza chochita, ndipo munthu yekhayo amene akanandiuza osandinyengerera munali inu. Ndinkakumbukira m'mawa uja munadzuka ndi malungo n'kumangabe dengu, ine n'kukuletsani, inu n'kunena kuti, “Usipa sudikira mwini wake achire.” Ndinkati ndiye kuti amayi akanati ndikalembe. Kenaka ndinkakumbukiranso kuti sadaka ya agogo munayenda wapansi tsiku lonse, ndi mimba ya Amina, kuti musaiphonye. Pamapeto pake ndinaganiza zochita zonse ziwiri. Fatima ndinamutumiza Lachisanu ndi Abiti Jafali. Ine ndinati ndilemba msangamsanga, ndikwere galimoto, ndikapeze anthu asanabalalike.

Mayeso anayamba naini koloko. Maola atatu, mafunso anayi. Loyamba ndinaliyankha bwino, lachiwirinso. Koma wotchi inali pakhoma patsogolo panga penipeni. Itakwana teni ndinati pano alendo akhala pamikeka. Hafu teni ndinati pano shehe ayamba duwa, kukupemphererani. Ndinkaona Amina akuthamanga pakati pa mapoto ndi khanda kumsana, ndinkamva azakhali akufunsana kuti wamkulu uja ali kuti. Funso lachitatu ndinalilemba mothamanga. Nditafika pa lachinayi, leveni inali itadutsa pang'ono. Ndinaliwerenga, ndipo amayi, ndinkalidziwa. Unali mlandu womwe ine ndi Chisomo tinabwereza dzulo lake pansi pa mtengo. Likanandidyera mphindi makumi anayi basi.

Ndinatseka pepala n'kuimirira. Woyang'anira mayeso, bambo wachikulire, anandiyandikira n'kunong'ona kuti, “Mayi, nthawi ikadalipo yambiri. Mwamaliza zoona?” Ndinagwedeza mutu. Chisomo anadzutsa nkhope, anandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. Ndinatuluka.

Pasiteji ndinapeza galimoto ya ku Lungwena muli anthu atatu okha. Ndinakhala momwemo pafupifupi ola, dalaivala akungoliza injini kunamiza anthu kuti tikunyamuka. Nditaona kuti sizikuyenda ndinatsika n'kukwera njinga yamoto. Tinaoloka mlatho, tinayenda bwino ndithu, koma titangodutsa Malindi njinga inatsokomola kawiri n'kuzima. Mafuta. Masiku amenewo ankasowa, ndipo mwini njinga anati ankayesa afika. Tinayenda wapansi, iye akukankha njinga, ine pambuyo ndi nsapato za kusukulu, mpaka tinapeza wogulitsa mafuta a m'mabotolo. Sindinalire. Ndinkangoyenda.

Ndinafika itadutsa thuu koloko. Mikeka anali akupinda. Shehe anali atapita, a ku Namwera atakwera kale lole yawo. Pabwalo panatsala mafupa a mbuzi, agalu, ndi azimayi akukwecha mapoto. Pomwepo m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale ndikanakhala m'mayeso mpaka belu, ndikanapeza zomwezi. Sadaka ndinaiphonya, funso ndinalisiya, ndipo sindinapindule kalikonse.

Amjomba anandiona ndikulowa. Ananena mokweza kuti onse amve, “Eee, afika abwana! Apatseni mpando.” Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Amina anali atagwada pa mphika waukulu uja, Idrisa ali kumsana, maso ali psuu ndi utsi. Anali ataphika kuyambira m'bandakucha, miyezi iwiri yokha chichirireni. Ndinamupatsa moni. Anangokankhira mphika wina kwa ine ndi phazi. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje pamwamba pa siketi, ndinayamba kukwecha.

Nditamaliza ndinapita kuseri kwa ababa. Anandizindikira ndi mapazi. Anati, “Asiyatu. Walemba?”

Ndinati, “Ndalemba, ababa.”

“Zonse?”

“Zonse.”

Anati, “Alhamdulillah,” n'kupitiriza kusoka. Ndinawanamiza pa tsiku la sadaka yanu, amayi.

Zotsatira zinatuluka mu Ogasiti. Amamata pakhoma la ofesi, aliyense n'kumafufuza nambala yake ndi chala. Maphunziro atatu ndinakhoza. La malamulo ndinalephera, ndipo ndinalephera pang'ono kwambiri, moti ngakhale theka la funso lija likanandiolotsa. Chisomo anakhoza onse. Anabisa chimwemwe chake chifukwa cha ine, zomwe zinandipweteka kuposa akanavina. Iye ndi anzake apita patsogolo. Ine anandiuza kuti phunziro limenelo ndilibwereze ndi kalasi ya m'mbuyo mwathu, ndidzalembenso mu Disembala.

Sindinauze munthu. Kalasi itatsegulira ndinapita masiku awiri, n'kukhala pakati pa ana ena atsopano, nawonso n'kuyamba kunditcha anti, aphunzitsi n'kuyambiranso hatchi yodwala ija. Tsiku lachitatu folo koloko itakwana sindinapemphe abwana. Ndinagwira ntchito mpaka kutseka, ndinapita kunyumba, ndinaphika dzuwa likadalipo, ndinamuluka Fatima tsitsi. Ndikuuzeni zoona, zinakoma. Masabata awiri ndinakhala ngati munthu. Msana unasiya kuwawa. Fatima anandifunsa kuti, “Amama, sukulu yanu yatha?” Ndinati yatsala pang'ono. Mumtima ndinali nditaitseka kale. Ndinati zaka makumi atatu ndi zinayi, mwana, ntchito, mwamuna kulibe, ndikulimbana ndi chiyani? Akazi angati kwathu akulera ana awo bwinobwino opanda pepala?

Kumayambiriro kwa Seputembala ndinapita kumudzi kuti ndikanene. Kuyambira tsiku la sadaka Amina anali asanandiimbire, ndipo ndikaimba ankapatsira foni ababa. Ndinamupeza akupeta mpunga pakhonde panu. Ndinatenga lichero lina n'kukhala pambali pake. Tinapeta nthawi yaitali. Kenaka ndinangoyamba. Ndinamuuza zonse: wotchi, funso lachinayi, njinga, khoma la ofesi. Ndinamaliza ndi kuti, “Ndiye ndasiya. Amjomba ananena zoona. Unali ndi chifukwa chondikwiyira.”

Ndinkayembekeza kuti mtima wake ukhala pansi. Anaika lichero pansi mwamphamvu mpaka nkhuku zinathawa.

Anati, “Wati chiyani? Wasiya?”

Ndinati, “Ndatopa, Amina.”

Anati, “Watopa. Ine tsiku lija ndinaphika mapoto asanu ndi awiri, bala lisanapole. Azakhali akandifunsa, ndinkati akulu anga akulemba mayeso aakulu, akamaliza adzatithandiza tonse. Ndinayankha choncho kakhumi, mpaka pakamwa kuuma. Ndinakukwiyira, inde, mpaka lero ndikadakwiya. Koma ndinkati bola pali chomwe chikutuluka. Lero ukundiuza kuti sadaka ya amayi unaiphonya pachabe? Kuti ine ndinapsa ndi utsi pachabe? Iyayi. Kutopa ulibe nako ufulu. Ukalembanso.”

Amayi, mwana munkamuti wamanyazi uja. Ankalankhula chala chili m'mwamba ngati inu. Ndinati nanga nthawi ndiitenga kuti, poti chomwe chinandigwetsa n'chomwecho. Anati, “Fatima umusiye kuno mpaka Disembala. Sukulu iliponso kuno, madarasa ali pafupi. Woyamwitsa mmodzi salephera kudyetsa wachiwiri.” Ndinakana. Anati sakundipempha.

Kenaka anandikoka dzanja mpaka kuseri kwa ababa, n'kuima pomwepo kuti ndisathawe. Ndinagwada, ndinawauza kuti ndinawanamiza. Sanasiye kusoka. Anati, “Ndinadziwa tsiku lomwelo. Munthu amene walemba zonse sayankha msanga choncho, amayamba wadandaula kaye kuti anali ovuta.” Anafufuza mutu wanga ndi dzanja, anaugwira pang'ono, n'kubwerera ku ukonde wawo.

Ndiye Fatima ali kwanu tsopano, akugona m'chipinda chanu ndi Amina. Tsiku lomusiya ndinkaopa kuti alira. Sanalire n'komwe. Anangoti, “Pitani bwino, amama,” n'kuthamangira ana a mbuzi. Amene analira ndi ine, m'galimoto, nkhope nditaphimba ndi mpango. Ndimamuimbira Lachisanu lililonse. Chiyao chake chayamba kuthwa kuposa changa, ndipo akuti akutha kubereka Idrisa kumsana. Dzino lake lakutsogolo linachoka ine kulibe.

Ine ndabwerera m'kalasi. Sindikunamizani kuti mphamvu zabwera. Mwezi uno wa Okutobala dzuwa likuotcha ngati lakwiyira munthu, ndipo pofika Lachinayi miyendo imakhala yotupa. Nthawi yomwe ndinkasambitsa Fatima ndi kuphika phala, pano ndimakhala pakhonde ndi buku mpaka nthawi ya kusitolo. M'mawa mutu umagwira bwino. Chisomo amabwera Lamulungu lina n'kumandifunsa milandu ija umodziumodzi, ndikalakwitsa amandibwerezetsa ngati mwana wa sitandade wani. Abwana akusitolo akadayang'anabe kumbali folo koloko ikakwana. Amjomba sitinalankhulane. Akudziwa kuti ndinalephera, kumudzi nkhani siigona, ndipo ndamva kuti anangoti, “Si ndinanena.” Ndidzapita kukawaona ndikalemba, osati pano. Mtima wanga sungathe kunyamula zonse nthawi imodzi.

Chomwe chimandivuta n'chakuti sindikudziwa mukanati chiyani. Pena ndimaona mukundikalipira kuti ndinasiya mpunga wa alendo anu m'manja mwa mwana wodwala. Pena ndimaona mukundikalipira kuti ndinaimirira m'mayeso funso ndikulidziwa. Mbali zonse ziwiri mukundikalipira ndithu, ndipo ndikanalolera kukalipiridwa tsiku lonse kuti ndimvenso mawu anu. Ngati ndinakulakwirani, ndikhululukireni. Duwa yomwe sindinakhale nawo tsiku lija ndimakuchitirani ndekha pa swala iliyonse. Mulungu akukulitsireni malo, akupepusireni zonse, akupumitseni kutopa kwanu konse kwa padziko.

Zovala zauma, ndikaanule mphepo isanazigwetsere m'fumbi. Sindikulonjezani kuti ndidzakhoza, amayi, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Chomwe ndikulonjeza n'chakuti mu Disembala ndidzakhala pampando umenewo mpaka adzachite kundilanda pepala.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu woyamba,
Asiyatu